Nsalu za a Nangozo

A Nangozo anatisiya chaka chatha, nyengo ngati ino, chisanu cha ku Dedza chitafika poti ngakhale masana dzuwa limalephera kuboola nkhungu. Anatsirizikira m'wodi ya amayi, pabedi la pafupi ndi zenera, atazunguliridwa ndi anamwino amene ambiri a iwo anadutsa m'manja mwawo. Aliyense m'chipindamo ankadziwa chochita mtima wa munthu ukaima: poika manja, mphamvu yake, liwiro lake. Zonsezo anawaphunzitsa ndi mayi omwewo amene anali gone pabedipo. Koma palibe anasuntha, chifukwa m'mawa mwake iwo anali atanena, mawu akutuluka movutikira:

"Nthiti zangazi zakalamba, musandithyole. Ndinakuphunzitsani kubweza munthu amene ulendo wake sunakwane. Wangawu wakwana."

Mnzanga wina amene anali pomwepo anandiuza kuti anachita kugwira chitsulo cha bedi ndi manja onse awiri, kuopa kuti manjawo angapite okha pachifuwa pawo.

Dzina lawo la ubatizo linali Sesiliya, koma ndinalimva koyamba pakamwa pa wansembe tsiku la maliro. Tonse tinkangoti a Nangozo, dzina la chiwongo chawo. Kwawo kunali kumudzi wina kufupi ndi Mayani, ndipo bambo awo anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni. Anagwira unamwino ndi uzamba m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi kwa zaka zambiri, kenako anadzakhala mphunzitsi pasukulu ya anamwino kumene ine ndinakumana nawo. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, woyenda ndawala ngati wasiya mphika pamoto. Maina athu sankasunga. Ankatitchula ndi kumene tinachokera: "Iwe wa ku Linthipe, iwe wa ku Lobi." Ine ndinali "wa ku Kabwazi" mpaka ndinamaliza sukulu. Koma manja athu ankawadziwa onse. Ankadziwa wa manja olemera, wa manja onjenjemera, ndi amene amatopa msanga koma osavomera.

Phunziro lawo linali la kutsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma, kaya ndi khanda longobadwa kumene, kaya ndi wamkulu amene wagwa mwadzidzidzi. Tsiku loyamba analowa m'kalasi atapanira mtolo wa nsalu kukhwapa. Sanatipatse moni. Anamanga chingwe kuchokera pazenera kukafika pachitseko, ngati akufuna kuyanika zovala, n'kuyamba kupachika nsaluzo imodziimodzi.

"Tsekani makope," anatero. "Lero mulemba ndi maso."

Nsaluzo zinali zidutswa za mashiti akale a pabedi, ndipo pa iliyonse panali chithunzi chimodzi chachikulu chopanda mawu. Pa yoyamba panali manja akupukuta khanda ndi nsalu youma. Pa ina panali mutu wa khanda, mphuno italoza kumwamba ngati munthu amene akununkhiza mvula. Pa ina panali kampira kopopera mpweya katavindikira pakamwa ndi mphuno, kachifuwa ka mwana katakwera. Za akuluakulu zinali ndi munthu wogwada, mikono itawongoka, manja atasanjikizana pakati pa chifuwa cha wodwala, ndipo pambali pake anajambulapo mtondo ndi amayi awiri akusinja. Ankati liwiro la manja likhale la misi iwiri mumtondo umodzi, osati la munthu amene akusinja yekha ali ndi ulesi.

Tikafunsa chifukwa chake sankalemba mawu, yankho lawo linali limodzimodzi. Ankati munthu akagwidwa ndi mantha, choyamba kuthawa m'mutu ndi Chingerezi, kenako Chichewa chimatsatira, n'kutsala maso ndi manja basi. Choncho iwo ankaphunzitsa zotsalazo.

Anthu a pansaluzo anali akuda ngati ife, amayi atavala zitenje ndi mipango. Mabuku athu ankanena kuti mwana wosowa mpweya amasanduka wabuluu, ndipo a Nangozo akafika pamenepo ankatseka buku mwaphokoso. "Ndani mwa inu anaonapo mwana wa ku Mayani ali wabuluu?" Iwo anajambula milomo, lilime ndi zikhatho zotuwa ngati phulusa, kuti tidziwe poyang'ana. Kujambula sanakuphunzire kusukulu. Ankaseka okha pofotokoza kuti makanda awo oyamba ankaoneka ngati achule, mpaka anayamba kumakhala Loweruka lathunthu ndi bambo wina wa pa Chimbiya wolemba zikwangwani za magolosale, kuonerera mmene amasakanizira utoto.

Analinso ndi zidole ziwiri zosoka okha. Chaching'ono chinali khanda la zigamba, m'kati mwake muli baluni ndi kapaipi, chokonzedwa mwanzeru moti mutu ukapanda kukhala bwino, chifuwa sichinkakwera ngakhale upope mpaka kutuluka thukuta. Chachikulu chinali thumba lodzaza utuchi, pachifuwa pali sipuling'i ya bedi, chitavekedwa jekete ya malemu amuna awo. Ophunzira tinkachitchula kuti a Bambo.

"Awa ndi amuna anga," ankatero. "Muwagwire mwaulemu, koma musawamvere chisoni. Kanikizani!"

Sindinganame kuti anali munthu wofewa. M'thumba la yunifomu ankayenda ndi chowengera zikhadabo, ndipo mtsikana akabwera ndi zikhadabo zazitali ankamuwenga pamaso pa kalasi yonse. Ukalakwitsa pa chidole sankakuuza kuti yesanso. Ankangoti, "Wafa. Pita ukawauze mayi ake." Pakona pankakhala wophunzira mnzathu atafunda chitenje ngati mayi wa mwanayo, ndipo umayenera kupita, kugwada, n'kupeza mawu oti unene. Ambiri tinalira pakona pamenepo. Mtsikana wina, amene anali atangotaya mng'ono wake, anatuluka m'kalasi tsiku limenelo osabweranso kwa masiku angapo. A Nangozo sanapepese; kupepesa sankakutha. Anangopita kogona atsikana ndi mbatata yootcha atakulunga papepala, n'kukhala naye pabedi osalankhula zambiri. Mtsikanayo anabwerera, koma mpaka lero amanena kuti a Nangozo anamulakwira, ndipo ine sindimutsutsa.

Munthu amene ankakangana nawo kwambiri anali mphunzitsi mnzawo, a Mbewe, bambo wamtali wovala tayi tsiku lililonse, amene ankatiphunzitsa za ziwalo za thupi. Mkangano wawo tinkaumvera pazenera la ofesi ya aphunzitsi.

"Mayi, mayeso salemba ndi utoto," ankatero a Mbewe. "Ndipo mwana amene wangoloweza chithunzi osadziwa chifukwa chake, akadzakumana ndi wodwala wosafanana ndi chithunzicho adzatani?"

"Nanga amene waloweza chifukwa chake, manja ali m'thumba, wodwalayo adzamuwerengera buku?"

Onse awiri ankanena zoona, n'chifukwa chake mkanganowo sunkatha. Patapita zaka anagwirizana mwa njira yawoyawo. A Nangozo analola kuti a Mbewe alembe mafotokozedwe awo kumbuyo kwa nsalu iliyonse, bola inki isaonekere kutsogolo. A Mbewe analemba ndi zilembo zawo zokongola zija, ndipo kuyambira pamenepo tinkayamba taona chithunzi, kuchita pa chidole, kenako n'kutembenuza nsalu. Aliyense wa iwo ankauza ophunzira kuti wapambana ndi iye.

Chimene sindidzaiwala chinachitika pa Chimbiya, ine ndili m'chaka chomaliza. A Nangozo ankakonda kutenga ophunzira awiri popita kukaphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala za kumidzi, ndipo tsiku limenelo anatenga ine ndi mnyamata wina dzina lake Lonjezo, amene iwo ankamutchula kuti wa ku Linthipe. Pa nthawiyo nyamakazi inali itawagwira kale. Zala zawo zinali zitapindika ngati mizu, moti mabatani a juzi ankachita kuwamangira.

Tikubwerera masana, minibasi inaima pa Chimbiya kutsitsa anthu. Ogulitsa tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere anathamangira m'mazenera monga mwa nthawi zonse. Koma kuseri kwa mabenchi a malonda kunali ngolo, ndipo pambali pake amayi anali atagwirizira zitenje kupanga mpanda. A Nangozo anangoona kamodzi.

"Kondakitala, tsegula. Ana inu, tengani chikwama."

M'kati mwa mpandawo munali mayi wachitsikana ali gone pamphasa. Anabwera pangolo kuti adzakwere galimoto yopita kuchipatala, koma nthawi inamukwanira pomwepo. Mwana anali atabadwa, ali zii, manja ndi miyendo zili lendee. Gogo wina, apongozi ake a mayiyo, anali atayamba kumukulunga kumaso komwe.

"Ndi mtayo uyu, amayi," anatero gogoyo. "Tisiyeni tichite za mwambo."

"Wabadwa nthawi yanji?" anafunsa a Nangozo.

"Pompano."

"Ndiye sanapite patali. Ndipatseni."

Amayi aja ataona Lonjezo akulowa anakuwa kuti mwamuna saloledwa kumeneko. A Nangozo sanatembenuke n'komwe. "Ameneyu si mwamuna, ndi manja anga. Angawa mukuwaona mmene alili." Ine anandiuza kuti ndiyang'anire mayiyo ndi magazi, ndipo iwo anapukuta mwanayo ndi chitenje chouma, kumutikita kumsana ndi zikhatho. Mwana sanagwedezeke. Lonjezo anatulutsa kampira kamene tinkaphunzirira pa chidole, n'kukapukuta ndi mankhwala a sipiriti, n'kugwada pafumbi.

Anapopa. Chifuwa sichinakwere. Anapopanso mwamphamvu, osakwera. Ndinamuona thukuta likutsika m'chisanu chonse chija, milomo yake ikung'ung'udza mawu a m'buku, koma akungobwereza chiganizo chimodzi chomwecho. M'kalasi a Nangozo akanakalipa mpaka mazenera kunjenjemera. Pamenepo sanakweze mawu. Anamasula mtolo wa nsalu ndi mano, n'kusolola imodzi, n'kuiyala pansi pafupi ndi mutu wa mwanayo.

"Lonjezo, mwana wanga, taona apa."

Kanali koyamba kuwamva akutchula wophunzira ndi dzina lake. Lonjezo anayang'ana nsaluyo, n'kuyang'ana mwanayo. Mwa changu chake anali atapendeketsa kamutu kumbuyo kwambiri, ngati nkhuku yoti izingidwe, njira ya mpweya n'kutsekeka. Anakabweza pang'ono mpaka mphuno inaloza kumwamba ngati pachithunzipo. Anapopa. Kachifuwa kanakwera, kenako kanatsika.

"Pomwepo. Usathamange."

Iwo anagwira patsinde pa mchombo ndi zala zawo zopindikazo kumvetsera mtima, dzanja linalo likugunda pansi kumupatsa Lonjezo liwiro. Msika wonse unali ukupitirira kuseri kwa zitenje, anthu akuitanira malonda, magalimoto akuluakulu akudutsa pamsewu, koma m'kati mwa mpandawo palibe ankatsokomola. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Kenako mwana uja anakoka mpweya yekha ngati wotsamwa, anakwinya nkhope, n'kulira kamawu kakang'ono ngati kamwana ka mbuzi. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Gogo uja anakhala pansi, atagwira pakamwa.

Dalaivala sanatisiye. Anthu anapanikizana kumbuyo kuti mayiyo agone pampando wakutsogolo, mwana ali pachifuwa pake atafunditsidwa, ndipo tinakawasiya kuchipatala.

Titatsala tokha, Lonjezo ankayembekezera kuyamikiridwa kapena kukalipiridwa. A Nangozo anayang'ana mtolo wa nsalu pamiyendo pawo. Kenako anati:

"Nsalu ija ndi yolakwika."

"Koma Mayi, ndi imene yandithandiza."

"Ikanakhala yabwino sukanafuna kuionanso. Imaonetsa mutu wokhala bwino basi. Siionetsa mmene munthu wamantha amaukhazikira."

Sabata yotsatira anabwera ndi ina yatsopano, ya mitu itatu: wogwera kutsogolo, wopendekera kumbuyo, ndi wolondola pakati. Ndi tsiku lomwelo la pa Chimbiya pamene anatiuza chimene chinawayambitsa kujambula. Atangomaliza sukulu, atakhoza bwino kuposa anzawo onse, anawatumiza kukachipatala kena kupitirira kwathu ku Kabwazi, kumene anali namwino yekhayo. Tsiku lina kunabadwa mwana wosapuma. Ankakumbukira tsamba la buku limene panalembedwa zochita, ankatha kulilakatula lonse, koma mpweya sunalowe mwa mwanayo, ndipo iwo sanadziwe chifukwa chake. Mwanayo anapita. Mayi ake, potuluka m'chipatala, anagwada n'kunena kuti, "Mwayesetsa, anamwino. Mulungu akudalitseni."

"Akanandinyoza ndikanaiwala," anatero a Nangozo. "Koma anandithokoza."

Mwina n'chifukwa chake pachingwe chawo pankakhala nsalu ina kumapeto imene ophunzira sitinkaikonda. Pa imeneyo kampira kanali kataikidwa pambali, khanda litakulungidwa, namwino atakhala pamphasa pafupi ndi mayi, osaima pakhomo. Ankati si aliyense amabwerera, ndipo namwino amene sanaphunzire kusiya amazunza mtembo, kenako n'kuthawa ofedwa chifukwa cha manyazi. Nthawi ina kunabwera alendo ochokera ku Lilongwe amene anachita chidwi ndi nsaluzo, n'kupempha kuti akazisindikize papepala zigawidwe m'masukulu ena. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti yomalizayo itsale, poti ingafooketse ophunzira. A Nangozo anayamba kupinda nsalu zawo alendowo akulankhula.

"Mutenge zonse, apo ayi musiye zonse."

Tinadabwa kuona a Mbewe akuimirira kumbali yawo. Alendowo anapita, ndipo zithunzizo sizinasindikizidwe. Ena amati liuma lawo linamana masukulu ambiri chinthu chabwino. Ine ndaganizapo kambirimbiri, makamaka masiku amene ndakhala pamphasa ndi mayi wofedwa, ndipo sindinafikebe poti n'kuweruza.

Pa nkhani ya mafoni, pokhapo ndi pamene anavomera kugonja. Aphunzitsi achinyamata atayamba kuonetsa ophunzira makanema a pafoni, iwo ankanyoza kuti nsalu sifuna kutchaja ndiponso magetsi akazima siizima. Koma tsiku lina anaima kumbuyo kwa ophunzira, kuonerera kanema wa manja akukanikiza chifuwa, kubwereza kangapo. Potuluka anauza mphunzitsi wachitsikana amene anabweretsa kanemayo kuti, "Mtondo wanga uja suyenda. Wakowu ukuyenda." Kenako anayamba kumuvutitsa kuti ajambule wina, wa manja akuda ndi mawu a Chichewa. Mphunzitsiyo anajambuladi, pa chidole chawo chachikulu chija. Manja ndi a wophunzira, poti awo anali atakanika, koma mawu amene amamveka kumbali akuti "Wongola mikono, iwe!" ndi awo. Ophunzira a masiku ano amatumizirana kanemayo osadziwa kuti wokalipayo ndani.

Atapuma ntchito anabwerera kwawo kufupi ndi Mayani, koma kupumako kunali kwa dzina lokha. Nsalu zawo anazigawa okha m'zipatala za kumidzi, chingwe chathunthu pamalo amodzi, n'kumakayendera kukaona ngati zapachikidwa poonekera kapena wina wazisandutsa chotchingira zenera. Pamaliro awo anamwino anadzaza mbali yonse ya tchalitchi, yunifomu zili mbee. Lonjezo anachoka kutali kumene akugwira ntchito tsopano kudzanyamula nawo bokosi. A Mbewe, atakalamba, akuyendera ndodo, anapatsidwa mpata woti alankhule. Anaimirira, anakonza tayi, n'kunena kuti kwa zaka zonsezo sanapeze munthu wina woti n'kukangana naye mokoma chotero. Kenako anakhala pansi.

Sabata yatha ndinapita kumudzi kwawo kukaona mwana wa mchemwali wawo amene akusunga pakhomopo. Nyumbayo ili pamtunda, kumapeto kwa kanjira kodutsa m'minda ya mbatata, ya njerwa zootcha, malata atayamba dzimbiri. Anandilandira bwino, n'kundiyalira mphasa pabwalo, chifukwa pakhonde sakhalapo aliyense. Pamenepo pali mpando wawo wa nsungwi, utayang'ana kunjira, khushoni yake ikadali yolowa pakati. Pansi pake simenti inachita kusalala pamene ankapondetsa mapazi. Mapichesi amene anabzala kuseri kwa nyumba ayoyola masamba, ndipo palibe amene wawadulira chaka chino.

Mwana wa mchemwali wawoyo anandiuza kuti kale, mayi woyembekezera aliyense wa m'midzi ya kumtunda akamapita kuchipatala, ngolo inkayamba yaima pakhomopo kuti a Nangozo amuone m'maso ndi m'zikhatho, n'kumukalipira ngati wachedwa kunyamuka. Tili chikhalire tinamva mabelu a ng'ombe. Ngolo inatulukira m'nkhungu, kumbuyo kuli mayi atafunda bulangete, mnzake atamuchirikiza. Woyendetsa sanakoke chingwe, koma ng'ombezo zitafika pachipata zinachepetsa liwiro zokha, n'kuima. Bamboyo anayang'ana pakhonde, anavula chipewa, kenako anazimenya pang'ono ndi kamtengo, ngolo n'kupitirira kutsikira ku Mayani.